Midzi Iwiri ya a Kalinde

Mudzi wa Maluwa, Mpama
10 Malichi 2003

Mwana wanga Thandie,

Ndikhulupirira kuti Lilongwe akukusunga bwino. Ife kuno tadzuka, kupatula bondo langali limene limalosera mvula kuposa wailesi. Mng'ono wako Idesi ali bwino pamodzi ndi mwamuna wake Gracious, ndipo ana awo akukula ngati pali amene akuwathamangitsa. Chimanga chaka chino chabereka ndithu, njala ya chaka chatha ija tayamba kuiiwala.

Nkhani imene ndakulembera ndi iyi. Amalume ako, mwinimbumba wanu, anabwera Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Ati popeza maliro a mayi ako Falesi tinalira ndipo misozi yauma, mwambo wondisudzula uchitike tikakolola, kumayambiriro kwa Julaye. Iwe unachoka kuno uli wamng'ono kupita ku sukulu zogonera komweko, ndiye ndikukumbutse. Mkamwini mkazi wake akamwalira, akuchikazi amamumasula pamaso pa anthu, abale ake n'kumutenga kubwerera naye kwawo. Amatsala pokhapokha ana ake aakazi, amene ndiwo eni nthaka, akanena kuti atsale. Amalume ako sanalankhule mwachipongwe ayi, ndipo tinadyera limodzi chimanga chootcha. Angoti adzayamba kufunsa iwe, chifukwa ndiwe woyamba kubadwa.

Ine sindikukukakamiza kanthu. Pamudzi pano ndinafika ndi malaya awiri ndi chikombole choumbira njerwa. Nyumba ndinamanga, mapeyala ndinabzala, inu ndinakulerani. Chimene ndinalephera ndi khonde lokha, limene mayi ako ankandikumbutsa chaka ndi chaka ine n'kumangoti chilimwe chikubwerachi. Ungondiuza maganizo ako kuti ndidziwe ngati mbewu ya nandolo ndisunge kapena ndingophika.

Kalatayi ndapatsira Gracious, mawa akupita ku Limbe kukagulitsa tomato.

Ndine bambo ako,
Lackson Kalinde


Lilongwe
15 Malichi 2003

Ababa okondedwa,

Muli bwanji, nanga bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ine ndili bwino, kungoti ntchito yandichulukira moti ndikulemba kalatayi chakudya chili pambali chikuzizira. Tikukonza zinthu zina mu kompyuta ya bungwe lathu, lija lolondola odwala chifuwa chachikulu m'midzi. Ndidzakufotokozerani bwino ndikapeza mpata.

Ndili ndi funso, ndi la kuntchito komweku. Mudzi wa kwanu ku Namitambo, kumene munabadwira, dzina lake lenileni ndi chiyani, ndipo uli pansi pa mfumu yaikulu iti? Azakhali a Veronika akadali komweko? Munthu akatsika basi pa Namitambo amalowera kuti? Ndinapitako ndili mwana, ndikungokumbukira mtengo wa mango ndi galu amene anandithamangitsa. Mundilembere zonse momveka bwino, chifukwa ndaganiza zoyambira inu, ndipo ndikufuna zonse zidzakhale m'malo mwake pofika Julaye.

Lolemba ndikunyamuka kukayendera zipatala za kumpoto, ndikakhalako masabata angapo. Mundipatsire moni Idesi ndi alamu. Muwauze ana kuti mapeyala asamalize, nane ndili ndi pakamwa.

Mwana wanu,
Thandie


Mudzi wa Maluwa, Mpama
30 Malichi 2003

Mwana wanga Thandie,

Yankho lako ndalandira ndipo ndakumva. Wafunsa mwaulemu, mozungulira, n'kubisala kuseri kwa ntchito kuti mkulu asachite manyazi. Mayi ako ankatero ndithu. Akafuna kuti ndikakonze denga sankanena za denga, ankangofunsa ngati udzu wa kudambo wakhwima.

Mudzi wathu ndi kwa Sabiti. Dzina la mfumu yaikulu ndalemba kuseri kwa pepalali ndi zilembo zazikulu. Ukatsika pa Namitambo umadutsa chigayo, n'kutsata njira ya kumanzere mpaka pa mjigo. Azakhali ako a Veronika alipo, ndipo ndawatumizira uthenga kuti andionere kamalo pafupi ndi iwo. Galu uja anafa kalekale, usaope.

Usadandaule za ine. Kwa Sabiti si kutchire, ndi kumene kuli manda a amayi anga, ndipo njerwa zimaumbika kulikonse kumene kuli dothi ndi madzi. Mbuzi zitatu zija ndagawira ana a Idesi. Njinga ndamusiyira Gracious, khonde nalonso adzaona yekha akadzafuna. Chikombole chokha ndatsuka, ndachiika m'thumba, chimenecho ndiye ndipita nacho. Nandolo uja taphika dzulo, anali wokoma.

Sindikubisire, mtima unandiwawa tsiku loyamba. Koma ndaganiza kuti mwina waona patali, kuti munthu wokalamba asadzakhale mtolo pakhomo pa mkamwini mnzake. Pofika Julaye zonse zidzakhala m'malo mwake monga wanenera.

Bambo ako,
Lackson Kalinde


Mpama
6 Epulo 2003

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, koma dziwani kuti ndakwiya. Kodi sukulu imene munapitayo inakuchotsani chisoni? Ababa anakulemberani kukufunsani ngati atsale kapena apite, inu n'kuwayankha powafunsa njira ya kwawo. Bwanji osangowatumizira galimoto kuti iwanyamule?

Bwerani mudzaone. Munthu uja akuyendayenda pakhomo ngati mlendo. Akumwetulira aliyense, akugawa zinthu, dzana anakatsanzika ngakhale kwa akwaya. M'mawa amakaima pansi pa mapeyala aja osathyola ndi limodzi lomwe. Ine ndawauza kuti sakupita kulikonse, iwo akuti mawu a wamng'ono sangadumphe a wamkulu. Amalume nawo akuti iwo alibe mbali, adzangomva zimene ana anene. Inu muli ku tauni, amene ndidzamve kuzizira kwa nyumba yopanda munthu ija ndine.

Ndimafuna kuthera pamenepa, koma zachitika zina. Ndapita kukachapa jekete la bambo a ana anga, lija amavala popita ku Limbe, ndipo m'thumba lamkati ndapezamo kalata ya Ababa ya pa 10 Malichi, yonyowa ndi madzi a tomato, sitampa ili pomwepo. Ndiye kuti simunailandire n'komwe! Ndamufunsa mwini jekete, wangoyamba kundiuza za mtengo wa tomato pa msika. Lero adya yekha.

Ndathamanga kukawaonetsa Ababa. Aiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Chabwino, sanailandire. Nanga njira ya kwa Sabiti amaifuniranji, ndi Julaye wakeyo?” Zimenezo nanenso sindikuzidziwa.

Kalata yawoyo ndaiika momwemu. Zimene ndalemba pamwambazi sindifufuta, pepala ndi lomweli, komanso theka la mkwiyowo likadalipo mpaka mutafotokoza.

Mng'ono wanu,
Idesi


Lilongwe
27 Epulo 2003

Ababa anga, ndi iwe Idesi,

Ndabwerako kumpoto Lachisanu ndipo makalata onse atatu ndawapeza pa desiki. Ndawerenga yanu ya tomato ija, kenako ya mbuzi, ndipo ndalira mu ofesi anthu akuona. Ndiyambe ndi mawu amene akufunika. Ababa, simukupita kulikonse. Ine Thandie, woyamba kubadwa wa Falesi, ndikuti mukhale m'nyumba imene munamanga mpaka Mulungu adzakuitaneni. Za kusudzula sindimadziwa n'komwe pamene ndimalemba kalata ija.

Tsopano ndifotokoze za funso langa, kuti Idesi achotse theka lotsalalo.

Mu kompyuta yathu timasungamo maina a odwala chifuwa chachikulu, kuti munthu akasiya kubwera kudzatenga mankhwala alangizi athu akamupeze kumudzi. Nkhokwe imeneyi timaitcha detabesi, ndipo mkati mwake muli matebulo, kutanthauza mindandanda ya maina. Lina ndi la odwala, lina la owasamalira, lina la alangizi. Onsewa amafuna malo okhala a munthu. Ndiye m'malo molemba zimenezi patatu, anapanga chinthu chimodzi chonga chikombole chanu chija, chokhala ndi zipinda zitatu: mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Tebulo lililonse likafuna malo okhala limaumba ndi chikombole chomwecho.

Anachipanga ndi mnzanga Trevor, mnyamata wa ku Rumphi, wanzeru zake ndithu. Kwawo mwamuna amabadwira, kukwatira ndi kufera pamudzi umodzi, ndiye chipinda chimodzi cha mudzi chinkamukwanira. Koma chifikireni ntchito yathu ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, alangizi akungotopa ndi kupalasa njinga. Bambo akamalembetsa ku chipatala amatchula mudzi wa amayi ake. Mlangizi akafika kumeneko amamuuza kuti, “Ameneyo anakwatira kutsidya, kuno amangobwera pamaliro.” Munthu n'kumadwalira kwa mkazi wake, mankhwala osamwa.

Trevor atamva anati tingochotsa chipinda cha mudzi wakalewo, tiikepo cha kumene munthu akugona. Ine ndinakana. Chipinda ukachichotsa, zonse zimene zinali m'menemo zimapita, sizibwereranso. Komanso ndinamukumbutsa kuti kwathu mwamuna matenda akakula, alongo ake amabwera kudzamunyamula kupita naye kwa amayi ake. Midzi yonse iwiri ndi yake, ndipo tsiku lina tidzamufuna ku umodzi, tsiku lina ku unzake. Tagwirizana zoti tiwonjezere chipinda chachinayi, chakale chikhale momwemo.

Kunena n'kosavuta, koma kuchita kwake n'koopsa. Ukasintha chikombole, uyenera kulamula kuti matebulo onse amene anaumbidwa nacho asinthe nawo nthawi yomweyo, apo ayi kompyuta imakana. Mapulogalamu akale amene anazolowera zipinda zitatu nawo amadodoma akapeza zinayi, ndiye tiyenera kuwakonza limodzilimodzi. Ndipo maina onse akale adzakhala ndi chipinda chatsopanocho chopanda kanthu, mpaka wina wodziwa adzalembemo. N'chifukwa chake sitiyamba ndi nkhokwe yeniyeni. Timakopera yonse pambali n'kumayeserera pamenepo ndi anthu ongopeka. Ine ndinati, ndivutikirenji kupeka munthu wa midzi iwiri pamene ndili naye bambo anga? Funso lonse lija linali limenelo basi. Julaye ndi mwezi umene abwana anatipatsa kuti ntchitoyi ithe.

Vuto ndi lakuti kusintha kwenikweniko kuyenera kuchitika maofesi onse atatseka, ndipo asankha masiku a tchuthi cha ufulu, omwe aja amalume asankhanso. Kodi kalata inoyi singawerengedwe pamwambopo m'malo mwa ine? Ndingathe kulemba ina yapadera ya amalume.

Idesi, alamu uwapatse chakudya. Koma makalata asamanyamulenso.

Wanu,
Thandie


Mudzi wa Maluwa, Mpama
11 Meyi 2003

Mwana wanga Thandie,

Kalata yako Idesi anaiwerenga mokweza, ine ndinaiwerenganso ndekha kawiri kuseri kwa khola. Tsiku limenelo ndinadya ngati mnyamata. Ndiye kuti wandidwalitsa chifuwa mu kompyuta mwanumo osandiuza? Ndaseka mpaka kutsokomola, Idesi n'kumati onani chayamba.

Za chikombole ndamva ndithu. Kwathu kuno ukasintha chikombole khoma lili pakati, njerwa zakale zimakhala momwe zinalili, khoma n'kupindika. Zanuzo ukuti zakale zomwe zimasintha zili pakhoma pomwepo. Zimenezo ine sindinazionepo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake ukuchita mantha. Mnzako wa ku Rumphiyo umuuze kuti sanalakwe, munthu amaumba ndi dothi la kwawo.

Koma za kalata ija sizinatheke. Amalume ako ndinawaonetsa, anaiwerenga, anakondwa, n'kuibweza. Ati pepala silingafunsidwe kachiwiri. Pamwambo pamakhala abale a mbali zonse, ndipo iwo amafuna kumva mawu akutuluka pakamwa pa mwana, kuti mawa wina asadzanene kuti mkamwini anakakamira pamudzi kapena analembetsa yekha kalatayo. Ndipo azakhali ako a Veronika, chilandirireni uthenga wanga uja, anasesa kale malo ndipo akuuza aliyense kuti mlongo wawo akubwerera. Ukuwadziwa, sabwerera chimanjamanja pokhapokha atamva okha.

Sindikufuna kuti ntchito ikuthere chifukwa cha ine. Ngati sungathe kubwera, ndipita kaye kwa Sabiti, zina tidzaona m'tsogolo. Chikombole ndachisiya m'thumba momwemo.

Bambo ako,
Lackson Kalinde


Lilongwe
15 Juni 2003

Ababa,

Pepani kuti ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndilembe zinthu zitatsimikizika. Mawu akuti mupite kaye ndawakana. Ndikudziwa kuti amene wapita kaye sabwerera, azakhali adzakupezerani dimba, kenako adzayamba kukuonetsani amayi amasiye a ku tchalitchi kwawo.

Mwezi wonsewu ine ndi Trevor takhala tikuyeserera pa nkhokwe yokopera ija. Ulendo woyamba pulogalamu yosindikiza maina a alangizi inakana, wachiwiri inatulutsa midzi mosinthanitsa, inu n'kukhala wobadwira kwa Maluwa wokwatira kwa Sabiti. Tinakonza, ndipo tsopano zikudutsa bwinobwino. Ndalemba ndondomeko yonse, kuyambira kusunga kope la nkhokwe tisanakhudze kanthu mpaka pobwerera ngati zitavuta.

Ndinapita kwa abwana n'kuwauza kuti tsikulo ine kulibe, agwira ndi Trevor. Anandiyang'ana ngati ndapenga, chifukwa ntchitoyi ndinaiyambitsa ndine ndipo ikalephereka dzina loipa ndi langa. Trevor ndi amene anandiombola. Anati chikombolecho anapanga ndi iye, ndiye n'koyenera kuti achikonze ndi manja ake. Mantha ndili nawo, sindinama, sindinasiyirepo munthu ntchito yanga yaikulu chonchi. Koma nkhokwe ikawonongeka tili ndi kope lake, pamene inu kope lanu ndilibe.

Ndifika Lachisanu pa 4 Julaye ndi basi ya m'mawa. Alamu adzandichingamire pa msewu ndi njinga yanu ija, aiwale zonse koma asaiwale ine.

Thandie


Mudzi wa Maluwa, Mpama
27 Julaye 2003

Mwana wanga Thandie,

Uthenga wako wafika woti unayenda bwino, ndiponso kuti mnzako Trevor anagwira ntchito ija popanda chovuta. Ukuti pulogalamu imodzi yokha ndi imene inachita makani Lachiwiri m'mawa, mpaka iwe utafika. Zimenezo ndi zabwino, abwana adziwe kuti ukufunikabe. Ndakondwanso kumva kuti mlangizi wina wapeza kale bambo amene anamusowa chaka chonse, ali kwa mkazi wake kuseri kwa phiri.

Unanyamuka mothamanga, ndiye sindinakuuze zimene zinali mumtima mwanga. Pamene amalume ako anakufunsa pamaso pa anthu, ine ndinayang'ana pansi, ngakhale ndinali nditawerenga kale kalata yako. Iwe unaimirira n'kunena kuti, “Awa ndi a kwa Sabiti, zimenezo sitifufuta. Koma amagona kwa Maluwa, ndipo azigona konkuno.” Anakufunsanso kachiwiri monga mwa mwambo, iwe n'kubwereza osasintha. Idesi sanadikire n'komwe kufunsidwa. Mawu amenewo ndinawamva ngati akunena ndi mayi ako, ndipo sindichita manyazi kukuuza kuti ndinalira.

Azakhali ako ananyinyirika njira yonse mpaka pa msewu, koma ananyamuka ndi dengu la mapeyala ndi nkhuku, ndipo ndawalonjeza kuti Khirisimasi ndikadyera kwawo. Malo anasesa aja ati abzalapo mbatata. Mbuzi ndiye zapita ndithu. Ndinayesa kuzitchula, adzukulu anga n'kundiuza kuti chopatsa sichibwerera, moti pano ndikuweta mbuzi za eni ake popanda malipiro. Njinga Gracious wabweza yekha, ndikuona kuti akufuna tigwirizanenso. Mbewu ya nandolo ndapempha kwa amalume ako, anandipatsa akuseka.

Unandifunsa ngati uchotse dzina langa mu nkhokwe yoyeserera ija popeza ntchito yatha. Usachotse. Chifuwa chokhacho undichize, koma midzi isiye yonse iwiri momwe unailembera.

Ukadzabwera mu Disembala udzapeza pakhomo pasintha. Chikombole ndachitulutsa m'thumba tsiku lomwe unanyamuka. Dothi ndikukumba kuseri kwa khola, ana akutunga madzi, ndipo njerwa zoyamba zauma kale. Anthu odutsa akumandifunsa kuti a Kalinde, mukumanganso chiyani pa ukalamba uno? Ndikumawauza kuti ndi khonde la Falesi. Lachedwa, koma ndidzakhalapo ndine, madzulo alionse, kuyang'ana njira imene mumabwerera.

Ndine bambo ako wa kwa Maluwa,
Lackson Kalinde